Mmene Mfumu Ndawala Inanenepera pa Sikirini

M'dziko la Sitibwerera muli lamulo limodzi limene ngakhale mwana woyamwa amalidziwa: chinthu sichibwerera m'mbuyo. Mfumu Ndawala Wachitatu inalikhazikitsa tsiku limene inalowa ufumu, ndipo anthu analilandira ndi manja awiri poti lachitatu lokanira analibe. Galimoto zonse anazichotsa giya yobwerera m'mbuyo. Munthu akapitirira pakhomo pake, amazungulira mzinda wonse kuti adzafikenso. Koma imene inamvera lamuloli kuposa wina aliyense ndi mitengo ya zinthu, moti mpaka lero sinaliphwanyepo ngakhale kamodzi.

Likulu la dzikoli ndi mzinda wa Tatsalapang'ono, ndipo pakati pa msika wake waukulu pali sikirini yotalika ngati khoma la tchalitchi. Pamenepo ndi pamene anthu amaonera Mfumu yawo Lachisanu lililonse masana, ikulankhula ili kunyumba yachifumu. Pambali pa Mfumu, m'chithunzi momwemo, amaimika thumba limodzi la chimanga cha chaka chimenecho, kuti aliyense aone mmene dziko lakololera. Palinso lamulo lachiwiri, lonena kuti chimene sikirini yaonetsa ndicho choona. Chifukwa chake akuti maso a munthu wamba amanama, makamaka mwini wake akakhala ndi njala.

Zithunzi zonsezo zinkachokera mu kompyuta imodzi ya kunyumba yachifumu, yakalekale koma yomvera. Inkayendera sisitimu yotchedwa Chitukuko 7, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi sinadwalepo ngakhale chimfine. Mlandu wake unali umodzi: 7 ndi wamng'ono kwa 8. Nduna zitamva kuti kwatuluka Chitukuko 8, zinakadzitsekera masiku atatu ku hotela ya kuphiri, n'kubwerako zitagwirizana kuti dziko lothamanga ngati Sitibwerera silingakhale pa 7. Panachitika mwambo. Anadula riboni, amayi anavina, Mfumu inadina batani ndi chala chake chachifumu. Kompyuta inazima n'kuyakanso kasanu, ndipo anthu anaomba m'manja kasanu komweko.

Lachisanu lotsatira anthu a mumsika atakweza maso, anapeza Mfumu yawo yatambasuka. Msinkhu unali womwe uja, koma m'mbalimu inali itasefukira. Nkhope inali ngati chitumbuwa chokhaliridwa, chisoti chaufumu ngati lichero. Thumba la chimanga nalo linali litafufuma, mimba uku ndi uku. Kuwonjezera apo chithunzi chinkangophethira. Mfumu ikakweza dzanja, dzanjalo linkauma m'malere mawu akupitirira okha, kenako sikirini yonse bii, pobwerera n'kupeza Mfumu yafika kale pa mfundo ina.

"Koma ndiye adya bwino sabata ino," anatero mayi wina wogulitsa tomato, amene onse mumsikamo amamutcha make Dolifa.

"Si kudya kumeneko. Ndi dalaiva," anayankha mnzake wa pafupi, osakweza n'komwe mutu pa foni imene ankaimasula.

Woyankhayo anali Zelesi Nangozo, mayi wokonza makompyuta ndi mafoni. Kashopu kake ka malata, nambala 41, kanali kopanikizika pakati pa benchi la tomato ndi malo okonzera njinga. Anali atakhalamo zaka khumi ndi chimodzi. Munda analibe, mwamuna anapita patsogolo monga mwa lamulo ndipo sanabwerere, choncho kashopuko ndiko kankadyetsa iye, ana ake atatu ndi mayi ake okalamba. Mashelefu anakhoma yekha. Ankadziwa pamene pamadontha mvula ndi pamene pamadutsa khoswe, ndipo ankakakonda kashopuko mopanda manyazi.

"Dalaiva wake uti?" anafunsa make Dolifa.

"Mu kompyuta muli kachipangizo kamene kamajambula zithunzi, timati kadi ya zithunzi. Sisitimu siitha kulankhula ndi kadiyo payokha, imafuna kapulogalamu kokhala pakati ngati womasulira. Ameneyo ndiye dalaiva. Tsono asintha sisitimu, womasulira wakale amuthamangitsa, wabwerayu chilankhulo cha kadi yakaleyo sakuchidziwa. Kompyuta ikungolozera ndi manja basi. Ikutenga kachithunzi kakang'ono n'kumakakoka kuti kakwane khoma lonselo."

"Ndiye mukuti sananenepe?"

"Ngakhale kilo imodzi."

"Mayo ine. Ndimayesa m'dziko muno muli mmodzi amene zikumuyendera."

Kunyumba yachifumu nkhaniyi anaimva mwina. Nduna ya Zokolola, olemekezeka a Chodzadza, inapita kumsika ndi makwerero ndi tepi ya telala, n'kukayeza thumba lija pa sikirini pomwepo. Inapeza kuti lakula ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Madzulo ake wailesi inalengeza kuti zokolola zakwera ndi gawo lomwelo, chifukwa cha utsogoleri wabwino. Mvula chaka chimenecho inali itadula mu Januwale, ndipo boma linali litalonjeza kugawa chimanga kwa anthu posachedwa. A Chodzadza anati kugawako kwathetsedwa, pakuti dziko lokolola chonchi silitambasula dzanja. Make Dolifa atamva anapita kunyumba kukayang'ana thumba lake, mwina nalonso lamvera wailesi. Analipeza lagona cham'mbali, lopepuka kuposa dzulo lake.

Dokotala wa kunyumba yachifumu nayenso anali munthu womvera malamulo. Ataona sikirini, analemba kuti Mfumu yanenepa modetsa nkhawa, ndipo kuyambira tsiku limenelo chakudya chake chikhala nkhaka ziwiri ndi kapu ya madzi ofunda. Mfumu inayang'ana lamba wake, amene anali pa bowo lomwe lija la chaka chatha, inatsegula pakamwa, kenako inakumbukira amene anasaina lamulo lachiwiri. Inadya nkhakazo.

Chimene sinathe kupirira ndi kuphethira kuja. Sikirini inkazima nthawi zonse pamene Mfumu yafika pa mawu ofunika kuomberedwa m'manja, ndipo anthu, posadziwa kuti aombe liti, ankangopitiriza kutsatsa malonda awo. Akatswiri a kunyumba yachifumu anayesa zonse zimene anaphunzira. Anaizimitsa kompyuta n'kuiyatsa. Anasintha chingwe, chatsopanocho n'kuchisinthanso. Anagula mausi ina yowala kunsi. Mmodzi anakatsuka sikirini ya kumsika ndi sopo, poganiza kuti mwina mafutawo ali kunja. Zitakanika anakhazikitsa Komiti ya Sikirini, wapampando wake a Chodzadza, ndipo komitiyo inakumana kanayi n'kugwirizana za mtundu wa malaya a komiti.

Mawu alibe miyendo koma amafika. Patatha masabata atatu, Lolemba m'mawa, pa shopu nambala 41 panaima Sajeni Kachigamba, msilikali wamtali wa nsapato zong'ambika, m'manja atanyamula kalata ndi loko yaikulu yatsopano.

"Mayi, mwaitanidwa. Akuti inu ndi amene mukudziwa chimene chikuvuta."

"Ine ndimangocheza ndi mnzangayu, a Sajeni."

"Kuchezako ndi kumene kwamveka. Kalatayi ikuti pofika Lachisanu sikirini isaphethirenso. Ikaphethira, loko iyi ndidzaika apa." Analoza chitseko cha shopu, ndipo ankaoneka kuti nkhaniyo sikumusangalatsa.

Nangozo anayang'ana loko, anayang'ana mashelefu ake. Anaponya m'chikwama fulashi yake, timasipanala ndi mbatata ziwiri zootcha. Make Dolifa anamukuwira ali kale panjira: "Limbani mtima, aNangozo! Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima!"

Kompyuta yachifumu inali m'kachipinda kuseri kwa bwalo la nduna, itavekedwa nsalu ya mbendera. Nangozo anachotsa nsaluyo poyamba, chifukwa inkatseka mabowo otulukira mpweya. Kenako anaiyatsa m'njira imene akatswiri amati sefu modi, mmene kompyuta imadzuka ndi zofunikira zokhazokha, n'kutsegula mndandanda wa zipangizo. Pa dzina la kadi ya zithunzi panali kachizindikiro kachikasu. Zinali monga ananenera: Chitukuko 8 inali itataya dalaiva wa kadiyo n'kuikapo wongogwirizira, amene sadziwa muyeso weniweni wa sikirini ndipo kanema amamulemera. Anafufuza ngati opanga kadiyo anatulutsa dalaiva wa Chitukuko 8. Anapeza kuti kadiyo anasiya kuisamalira kalekale.

Lachiwiri anamuimika pamaso pa bwalo la nduna kuti afotokoze.

"Njira zilipo ziwiri, olemekezeka," anatero. "Yoyamba, mugule kadi yatsopano."

"Zimenezo zimadutsa m'makomiti atatu," anatero a Chodzadza. "Miyezi isanu ndi inayi, mvula ikagwa bwino."

"Yachiwiri ndi ya lero lomwe. Dalaiva uja ankagwira ntchito pa Chitukuko 7 ndili naye mu fulashi muno. Ukamuika pamanja, n'kuletsa sisitimu kuti isamuchotsenso, amagwira bwinobwino. Tingomubwezera wakaleyo."

Nduna ya Zamadzi inatsamwa ndi madzi. Mlembi anaimitsa cholembera m'malere n'kufunsa monong'ona ngati alembe, ndipo nduna zinayi zinayankha pamodzi kuti asayerekeze.

"Mayi inu, mukudziwa kumene muli?" anatero a Chodzadza. "Mwanena mawu awiri oletsedwa m'chiganizo chimodzi, masana ano, pansi pa chithunzi cha Mfumu."

"Ine ndanena za kompyuta, olemekezeka."

"Kompyuta ndi nzika ya dziko lino!"

Mkangano unatenga maola anayi. Nduna ina inati bwanji adikire Chitukuko 9, mwina idzachiritsa 8. Ina inati vuto ndi anthu a mumsika, amene amayang'ana sikirini ndi mtima wokayika. Nduna ya Zamaphunziro inapempha kuti kuphethirako kulowe m'silabasi. Nangozo anaima chiimire, miyendo itatopa, akuwerenga mumtima masiku otsala kufika Lachisanu.

Pamapeto panakhosomola a Kapotoza, Nduna ya Malamulo, nkhalamba imene inatumikira mafumu atatu osatsutsanapo ndi iliyonse.

"Mwana wanga, ndifunseko. Dalaiva ameneyu anayamba walowapo mu Chitukuko 8?"

"Ayi, olemekezeka."

"Ndiye Chitukuko 8 sikumudziwa."

"Sikumudziwa."

"Munthu amene sukumudziwa ndi mlendo. Mlendo ndi watsopano. Ine wakale sindikumuona pano."

Nduna zinaimirira n'kuomba m'manja, zina zikupukuta misozi. Pomwepo chinalembedwa chilengezo chakuti boma, litafufuza mozama, latulukira Dalaiva wa Masomphenya, woyamba wa mtundu wake m'chigawo chino cha dziko lapansi. Nangozo anauzidwa kuti asinthe dzina la fayilo mu fulashi muja lisanaone dzuwa. Anasintha. Sizinamutengere ngakhale mphindi imodzi.

Lachitatu anagwira ntchito yekha m'kachipinda kaja. Anachotsa dalaiva wogwirizira ndi zinyenyeswa zake zonse, anaika wa Masomphenya, analetsa sisitimu kuti isamadzisankhire yokha madalaiva, n'kuyatsanso kompyuta. Podikira kuti idzuke anatulutsa mbatata yake. Atangoinyema, chitseko chinatseguka pang'onopang'ono, ndipo munalowa bambo wina wochepa thupi, atavala masilipasi, kolala ya malaya ikumulendewera m'khosi. Nangozo anatsala pang'ono kumutuma madzi. Atayang'anitsitsa anazindikira mphuno ya Mfumu imene amaiona pa ndalama, n'kugwada msangamsanga.

"Khalani, khalani, mayi," inatero Mfumu motsitsa mawu, ikusuzumira kukhonde. "Chikununkhiracho n'chiyani?"

"Mbatata yootcha, Mfumu yanga. Ya dzana."

"Ya dzana," inabwereza Mfumu, ngati ikutchula dzina la bwenzi lakale.

Nangozo anaipatsa. Mfumu inadya ndi makoko omwe, itaima kuseri kwa chitseko, n'kunyambita zala. Mayiyo anadabwa kuona kuti akuimvera chisoni, munthu amene m'mawa momwemo ankamutukwana mumtima.

"Njala imeneyi mwaiyamba liti, Mfumu yanga?"

"Masabata atatu, mayi. Simungamvetse. Munthu umagona ukuona nkhuku zikudutsa."

"Ife tinaiyamba mu Febuluwale."

Mfumu inamuyang'ana ngati walankhula chilankhulo cha kunja. Kukhonde kunamveka nsapato za dokotala, ndipo mwini dziko anapukuta pakamwa ndi mbendera ija n'kutuluka monyang'ama.

Kompyuta inadzuka. Kachizindikiro kachikasu kanali katachoka. Nangozo anaseweretsa kanema wa Lachisanu lapitalo pa sikirini yaing'ono ya m'chipindamo: dzanja la Mfumu linakwera n'kutsika bwinobwino, osauma, osazima. Mfumu inali yochepa monga inaliri kuseri kwa chitseko. Thumba la chimanga linali thumba wamba, lofota m'khosi. Mayiyo anapumira m'mwamba, poganiza kuti shopu yake yapulumuka.

A Chodzadza anabwera kudzaona Lachinayi m'mawa. Anaonera kanemayo kawiri. Kenako anatseka chitseko.

"Ntchito yabwino, mayi. Kuphethira kwatha. Koma thumbali mwalitani?"

"Sindinalitani, olemekezeka. Ndi mmene lilili."

"Ine ndinaliyeza ndekha ndi tepi. Ndinalengeza pa wailesi. Ndinalandira mendulo." Anakhala pampando n'kufewetsa mawu. "Tandiuzani monga katswiri. Sizingatheke kuti kuphethira kuthe, koma kukula kukhale?"

Apa Nangozo akanatha kunama, koma pa nkhani ya ntchito yake bodza linkamukanika ngati mmene ena kumawakanikira kusambira.

"Zingatheke. Ndi muyeso chabe. Dalaivayu amalola kusankha. Ndikasankha waung'ono uwu n'kuuza kuti udzaze khoma, chithunzi chitambasuka ngati kale, koma osaphethira."

"Basi, sankhani umenewo."

"Nanga chimanga chija anthu akudikira?"

"Inu ndinu a makompyuta, mayi. Za chimanga zisiyireni a chimanga. Mawa thumba likaonda, Sajeni Kachigamba akudziwa njira ya ku nambala 41."

Nangozo anasankha muyeso waung'onowo ndunayo ikuona. Thumba linafufumanso, a Chodzadza anamwetulira, ndipo nkhope yawo inafanana kwambiri ndi ya pa sikirini.

Masana amenewo Nangozo anabwerera kumsika, anakhala m'shopu mwake osagwira kanthu. Anali ndi mantha, tisabise. Anayang'ana mafoni a anthu ali m'mizere ndi timapepala ta mayina, anayang'ana mpando umene mwana wake wamkulu amakhalapo polemba za kusukulu. Pa benchi loyandikana make Dolifa ankasankha tomato woola, wabwino kuika pa mulu, woolayo kudula mbali yoipa n'kudya yotsalayo ndi mchere. Chimenecho ndicho chinali chakudya chake cha masana. Nangozo anamufotokozera zonse.

"Ine sindikuuzani chochita, aNangozo," anatero make Dolifa. "Shopu ndi yanu, ana ndi anu. Ife tazolowera. Akatikulitsira thumba pa khomapo, tizidya ndi maso."

"Mukanandikalipira bwenzi zili bwino."

"Mphamvu zokalipira ndizitenga kuti? Idyani tomato uyu, mbali iyi ndi yabwino."

Lachisanu masana msika unadzaza. Kunyumba yachifumu a Chodzadza analowa m'kachipinda kaja, anaona kuti muyeso ndi womwe anagwirizana, n'kupita kukakhala pampando wawo kumbuyo kwa Mfumu, pamene kamera imawapeza. Nangozo anatsala yekha ndi kompyuta. Nyimbo ya fuko inatha. Mfumu yotambasuka inaonekera pa khoma la kumsika, yosalala, yosaphethira, ndipo inayamba: "Anthu anga okhuta a dziko la Sitibwerera..."

Mawu akuti okhuta ndi amene anamaliza nkhani. Nangozo anatsegula mndandanda wa miyeso. Anadina muyeso weniweni. Kompyuta inafunsa ngati akufunadi kusunga kusinthaku, n'kuyamba kuwerenga masekondi chotsitsa. Anavomera.

Kumsika anthu anaona Mfumu yawo ikuphwa pamaso pawo. Masaya analowa, lichero linasanduka chisoti, mapewa anabwera pafupi ndi khosi. Thumba la chimanga linafota n'kutsamira khoma ngati lakomoka.

"Ilo!" anakuwa make Dolifa. "Limenelo ndiye ndikulidziwa, ndi mphwake wa langa lija!"

Patsogolo pa Mfumu pamakhala kasikirini kodzionerapo ikamalankhula. Itadziona, inaiwala pepala. Inasendera pafupi, inadzigwira masaya, inatembenuka cham'mbali.

"Dokotala!" inakuwa, dziko lonse likumva. "Dokotala, bwera udzaone! Ndaonda! Sikirini yanena! Uzani kukhitchini, nkhuku ziwiri, yachitatu ikhale pamoto!"

Kenako inakumbukira kuti ili pa kanema, inakonza kolala, n'kulengeza mwaulemu kuti chifukwa cha kudziletsa ndi masomphenya, yataya gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi lake m'mphindi imodzi, zimene palibe mfumu ina inachitapo. Nduna zinaomba m'manja. Kumsika nako anaomba, ndipo kanali koyamba m'mwezi wathunthu kuti aombe pamalo oyenera.

Mfumu itatembenukira kumanja inaona thumba.

"A Chodzadza, nanga ili latani?"

"Mfumu yanga, ndi... ndi vuto la kompyuta chabe. Mayi uja wasokoneza."

"Mukuti sikirini ikunama?"

Funso limenelo m'dziko la Sitibwerera lili ndi yankho limodzi lokha. Komanso sikirini ikanakhala kuti ikunama za thumba, ndiye kuti ikunamanso za Mfumu, ndipo nkhuku zinali kale m'mafuta. A Chodzadza anavomera kuti zokolola zatsika mwadzidzidzi masana omwewo. Mfumu, imene tsopano inkadziwako pang'ono za kugona ukuona nkhuku zikudutsa, inalamula kuti anthu apatsidwe chimanga. A Kapotoza anafulumira kufotokoza kuti si chimanga chija chinathetsedwa ayi, koma ndondomeko yatsopano kotheratu, imene idzakhazikitsidwe ndi mwambo Lachiwiri, ndipo mlendo wolemekezeka adzakhala a Chodzadza eni ake.

Nangozo anatuluka pa geti lakumbuyo popanda womuthokoza. Pofika kumsika anapeza anthu akuvina, ndipo pa chitseko cha nambala 41 panali loko ija. Panamatidwanso pepala lonena kuti shopuyi yatsekedwa chifukwa mwini wake anaondetsa katundu wa boma. Anaigwira lokoyo, inali yotentha ndi dzuwa. Analira pomwepo, osabisa nkhope, anthu akuimba za chimanga kumbuyo kwake. Sanadandaule kuti anadina, koma zinamuwawa kwambiri.

Make Dolifa anakankhira milu ya tomato mbali imodzi, theka la benchi n'kulipukuta ndi chitenje.

Loweruka Nangozo anakhala pa theka la benchilo ndi timasipanala take tiwiri, akubweza anthu ambiri chifukwa chowotcherera, mamita oyezera magetsi ndi zingwe zonse zinali kuseri kwa loko. Amayi a mumsika ankabwera ndi mafoni abwinobwino n'kumanama kuti akuvuta, ndipo iye ankadziwa, koma ankawatsegula ndithu.

Lolemba m'mawa, pa mzere pali anthu anayi, panatulukira Sajeni Kachigamba atakwapatira laputopu yakuda m'khwapa. Anaima patali pang'ono, akukanda m'mutu.

"Mwadzuka, mayi."

"Benchi ili nalonso mukufuna kukhoma, a Sajeni?"

"Ayi ndithu. Ndi laputopu ya olemekezeka a Chodzadza iyi. Pofuna kuonetsa kuti akadali okhulupirika, dzulo aikamo Chitukuko 8 okha. Ikuyaka, kafani kakulira, koma sikirini bii. Ndiye zolankhula zawo za mawa pa mwambo wa chimanga zili momwemo, kwina kulibe. Akatswiri a kunyumba yachifumu aitsuka kale ndi sopo."

"Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko," anatero make Dolifa, akuyang'ana tomato wake.

Nangozo anaitembenuza laputopuyo, anaiyatsa, anamvetsera.

"Ndi dalaiva. Koma popanda kuona kanthu sindingalowemo. Ndiyenera kuilumikiza ku sikirini ina, ndipo sikirini yanga ndi chingwe chake zili umo." Analoza chitseko ndi mlomo.

Sajeni anayang'ana loko, anayang'ana pepala lomatidwa lija, anayang'ana kumwamba ngati kuchokera malangizo. Kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi.

"Aliyense amve bwino," anatero mokweza. "Ine sindikutsegula shopu iyi. Ndikungotenga loko ya boma kuti ndikaithire mafuta. Mafuta ake adutsa m'makomiti atatu."

Chitseko chinalira monga chimalirira. Nangozo analowa, anayendetsa dzanja pa shelefu, n'kukhala pampando wake. Sajeni anasendera n'kuika laputopu pa tebulo.

"Olemekezeka akuti ndi ya changu, mayi."

Nangozo anapukuta m'maso, anainyamula laputopuyo n'kumubwezera m'manja. Kenako anaitana gogo wina amene anali patsogolo pa mzere ndi kafoni komanga ndi labala.

"Imani pa mzere, a Sajeni. Ndinu wachisanu."